Vape Ikakana Kuyaka: Konzani Pini, Batire Lisiyeni

Lero ndikufuna ndicheze ndi inu amene muli ndi vape m'thumba. Ena mukumvera muli m'basi ku Leeds kupita ku shifiti ya usiku, ena muli pamzere wa taxi ku Randburg, ena mukupalasa chipale pagalasi la galimoto ku Indiana. Ndikudziwanso kuti amayi anu kumudzi sadziwa kuti mumakoka kanthu kameneka. Musadandaule, sindiulula. Nkhani yanga ndi ya tsiku limene kachipangizoka kadzakane kuyaka, chifukwa tsikulo lidzafika ndithu, ndipo limakonda kufika chibaba chili pakhosi, mashopu atatseka.

Kwa inu amene simunasutepo fodya, mawu ndi amodzi: musayambe. A NHS kuno ku Britain amanena zinthu ziwiri pakamodzi, kuti vape chiopsezo chake n'chochepa poyerekeza ndi ndudu, komanso kuti si yopanda vuto, ndipo si ya ana kapena anthu osasuta. Zonse ziwiri n'zoona. Amene ndikulankhula nawo ndi inu amene munaigwira kuti musiye ndudu, ngati mmene ndinachitira ine. Kwa munthu wotere vape ikafa usiku, sikuti chafa ndi choseweretsa. Paketi ya ndudu 20 ili pa filling station yapakona apo, mtengo wake mapaundi 15 kapena kuposa, ndipo miyezi yonse imene munadzigwira ija itha kupita ndi ndudu imodzi.

Kale ambiri sitinkavutika n'kukonza. Unkagula yotaya ija, ikatha n'kuponya, n'kugula ina. Koma kuyambira pa 1 June 2025 ku Britain n'koletsedwa kugulitsa vape zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Zimene zatsala ndi zotchaja, zokhala ndi pod kapena thanki yochotseka. Ndiye chilichonse chochotseka chili ndi polumikizira, ndipo polumikizira ndi pamene mavuto amayambira.

Tiyeni tiyambe taimvetsa. Vape ndi tochi yovala suti basi. Muli batire, muli kawaya kopotana kamene timati koyilo, ndipo kawayako kagundana ndi thonje lonyowa ndi madzi aja. Magetsi akadutsa m'kawaya kamatentha, madzi n'kusanduka nthunzi. Chiyambire pamene Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, anapanga yake mu 2003, maonekedwe asintha kambirimbiri. Magetsiwo amafuna njira ziwiri, yopitira ndi yobwerera. Pa vape zokhala ndi thanki yopotera, polumikizira pake amapatcha 510. Mukamasula thanki n'kusuzumira, muona kapini pakati penipeni: imeneyo ndi njira yopitira. Mazinga amene mumapotera aja ndiwo njira yobwerera. Pakati pa ziwirizi pali kamphete kakang'ono ka mphira kapena pulasitiki, ntchito yake n'kuonetsetsa kuti zisakhudzane. Pa pod palibe mazinga, pali timapini tagolide tiwiri kapena titatu ndi maginito okoka pod kuti ikhale pamalo pake.

Choncho matenda alipo awiri, ndipo muziwasiyanitsa. Oyamba, njira yaduka: magetsi sakufika ku koyilo. Apa skirini imalemba "No Atomizer" kapena "Check Atomizer", ndipo zopanda skirini zimangophethira kagetsi kangapo. Awa ndi matenda otopetsa chabe. Achiwiri, njira ziwiri zija zagundana, magetsi akudumpha koyilo n'kubwerera okha. Imeneyi ndi shoti, skirini imalemba "Atomizer Short" kapena "Shorted". Awa ndi ofunika kuwapatsa ulemu.

Musanagwire chilichonse, izimitseni. Zambiri zimazima mukadina batani kasanu mofulumira. Ngati batire lake ndi lochotseka, lichotseni. Kenako chotsani thanki kapena pod muyang'ane pansi pake pa kuwala. Nthawi zambiri, ndithu nthawi zambiri, mupezapo kadontho. Kamachokera ku nthunzi yotsalira imene imazizira n'kubwerera kukhala madzi, kapena munadzadzitsa thanki, kapena vape inagona cham'mbali m'chikwama tsiku lonse, kapena inakhala m'galimoto yotentha madzi n'kusungunuka kwambiri. Madzi amenewa ndi onanda chifukwa cha glycerine, ndiye amakoka fumbi, ulusi wa m'thumba la jinzi, zinyenyeswa za bisiketi, zonsezo n'kupanga kaphala kamene kamaphimba chitsulo. Magetsi sangadutse pa phala.

Mankhwala ake ndi ochititsa manyazi kuphweka kwake. Potani tishu akhale wosongoka, pukutani. Tengani kathonje ka m'makutu, kanyowetseni pang'ono ndi isopropyl alcohol, zungulizani m'mazinga ndi pa pini mpaka kathonje kazituluka koyera. Pukutaninso kumunsi kwa thanki kapena pod. Dikirani mphindi zingapo ziume. Madzi a pampopi ayi, pefyumu ayi, ndipo chonde abale, malovu ayi. Ndaonapo munthu akunyambita pansi pa pod ngati akumata envelopu. Mukamaliza sambani m'manja, chifukwa nicotine amalowa ndi pakhungu pomwe, ndipo tishu ameneyo asagwere pamene mwana akukwawa.

Pa pod, tengani kamtengo kotokosera m'mano mudinikize timapini tagolide tija kamodzikamodzi. Kalikonse kali ndi sipuling'i pansi, kayenera kulowa n'kubwerera kokha. Kakakanirira pansi ndiye kuti phala lalowa m'mbali mwake. Kadontho ka alcohol ndi kudinikiza kangapo kumakamasula.

Ikakanabe, ganizirani koyilo. Pomasula thanki kuti muthire madzi, koyilo imatha kumasuka nayo pang'ono osaonekera. Ikhazikeni bwino. Koyilo ndi chinthu chotha, ambiri imatitengera sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kawaya kake kakaduka m'kati palibe chokonza, n'kusintha basi. Akuluakulu ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Masiku ano fodya wako ndi amene ali ndi koyilo yapadera m'chikwama. Njira yachidule yodziwira pamene pali vuto ndi kubwereka: ikani thanki ya mnzanu pa vape yanu. Ikayaka, vuto lili ku thanki yanu kapena koyilo. Ikakana, vuto lili kumunsi.

Tsopano nkhani ya pini yomira. Apa ndiye ndiime pang'ono, chifukwa ndi matenda athu enieni. Ife tinakula tikuona kuti chinthu chomangidwa bwino ndi chothina. Nati wa teyala la minibasi, kondakitala amachita kudumphira pa sipanala. Mpopi ukamadontha timaumanga mpaka mitsempha ya pamkono kuonekera. Ndiye thanki ya vape timaipotanso ndi mtima womwewo. Tsiku lililonse thanki imakankhira pini pansi pang'ono, kamphete kamphira kaja n'kumaphwanyika, mpaka tsiku lina pini yamira, thanki sikuifikiranso. Munthu poona kuti sikuyaka amatani? Amamanganso mwamphamvu. Mwaona mmene zimakhalira, eti?

Pa zazing'ono zooneka ngati cholembera, pini yomira imatheka kuidzutsa. Vape ili chizimire, lowetsani nsonga ya kamtengo kapena kasikuludiraiva kakang'ono kwambiri m'mphepete mwa pini, nyamulani pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo. Milimita imodzi yachuluka kale. Pansi pa pini pali kawaya kowotcherera, mukakoka mwamphamvu kaduka, ndiye mwasandutsa chimfine kukhala maliro. Musakhulenso kamphete kaja, chifukwa kakang'ambika pini igunda mazinga, shoti n'kubadwa. Zikuluzikulu zamasiku ano zambiri pini yake ili ndi sipuling'i, simufunika kuikoka, imangofuna kutsukidwa kuti iziyenda. Pobwezeretsa thanki, potani ndi zala ziwiri, ikangogunda siyani pomwepo.

Amene muli ndi skirini muli ndi dokotala m'manja koma simumufunsa. Pa koyilo iliyonse analembapo nambala, monga 0.8 kapena 1.2, kutanthauza ma ohm. Skirini iyenera kuonetsa nambala yoyandikana nayo. Ngati koyilo ndi ya 0.8 koma skirini ikuti 1.4, kenako 0.9, kenako 2.0, ikudumphadumpha, ndiye kuti polumikizira sipakugwira bwino, bwererani kukatsuka ndi kukhazika koyilo. Ngati ikuonetsa nambala yotsika kwambiri, pafupi ndi 0, chotsani thanki, musayesenso kudina.

Kwina kumene kumanamiza anthu ndi kotchajira. Munthu amati batire lafa, pamene m'kabowo ka USB mwadzaza ulusi, chingwe sichikufika kumapeto. Tokosani mofatsa ndi kamtengo kapena kapulasitiki. Singano, phini wa pamalaya, waya wa pepala, zonsezo ndi zitsulo, zisalowemo. Yesaninso chingwe china musanaweruze.

Usiku wina ku ntchito, cha m'ma 3 koloko, ndinapeza mnzanga wa ku Mzimba atavala jekete pakhomo la kumbuyo. Anali atatha miyezi 8 osagwira ndudu. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ulendo wa kuti usiku uno?" Anangondionetsa vape ikuphethira, n'kuloza kumene kuli filling station. "Ndingogula paketi imodzi, mawa ndigula vape ina." Aliyense amene anasutapo akudziwa kuti paketi imodzi kulibe. Ndinamupempha kuti andibwereke kaye. Pansi pa pod panali ponyowa, kapini kamodzi katakanirira. Tishu wa m'kantini ndi kamtengo ka m'mano, mphindi zosakwana zisanu, inayaka. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye ndikanabwerera ku fodya chifukwa cha kadontho?" Anavula jekete n'kubwerera m'kati. Kuyambira pamenepo anthu pa break amandibweretsera ma vape awo ngati ndinatsegula kabenchi pamsika wa Limbe.

Ndipo ndimanyadira zimenezo, musaone ngati ndikudandaula. Ife timachokera ku dziko lokonza. Wailesi ya agogo inkayenda ndi mabatire a Tiger Head oyanikidwa padenga kuti apeze mphamvu ya nkhani za 7 koloko. Akafooka ankawaphwanya pang'ono ndi mwala, ena mpaka kuwaluma. Batire likamagwedera m'tochi, ankapinda kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu n'kutsekera mpatawo. Waya ukaduka, kusenda ndi mano, kupota, kukulunga ndi jumbo. Kuno anthu amataya ketulo chifukwa cha fyuzi, ife timaona ngati tchimo. Mtima umenewu ndi chuma, ndipo pa zonse ndafotokoza pamwambapa umakuthandizani.

Koma mtima womwewu ukafika pa batire la vape umapha. Mabatire a wailesi aja anali ofatsa, ukawazunza ankangotuluka madzi oyera n'kuwononga sipuling'i. La mu vape ndi lithium, mtundu wina wa nyama. Likadzaza limakhala ndi mavoti 4.2 okha, zooneka zochepa, koma vuto si mavoti, ndi kuchuluka kwa magetsi amene lingatulutse nthawi imodzi. Tiyeni tiwerengere limodzi, samu ya Fomu 3. Mavoti 4.2 pa koyilo ya 1.2 ohm ndi ma amp 3.5. Pa koyilo ya 0.15 ndi ma amp 28. Nanga njira ikakhala kiyi wa pakhomo kapena ndalama yachitsulo, imene pafupifupi siletsa magetsi n'komwe? Batire limatulutsa zonse zimene lingathe, limatentha m'kati, kutenthako kumayambitsa kutentha kwina, ndipo zikafika pamenepo palibe batani lozimitsira. Limafuula, kutulutsa mpweya woyaka, nthawi zina chitsulo chake n'kuuluka.

Mabatire ochotseka ambiri ndi aja amati 18650, kutanthauza mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti thupi lonse lachitsulo la batire limeneli, kuyambira pansi mpaka m'khosi, ndi negative. Positive ndi kachipewa ka pamwamba kokha. Chimene chimalekanitsa ziwirizi ndi kamphete kopyapyala ndi kapulasitiki kokutira kaja. Ndiye kapulasitiki kakang'ambika pafupi ndi pamwamba, positive ndi negative zatalikirana mamilimita ochepa chabe, poyera. Kukutira ndi selotepi si kukonza. Ku mashopu a vape amagulitsa zokutira zake zenizeni pa mtengo wochepa kwambiri, ambiri amakukutirani pomwepo. Batire lobonyoka, lochita dzimbiri kapena lotupa silikutidwanso, lapuma ntchito. Ndipo lapadera liziyenda m'kabokosi kake kapulasitiki, osati m'thumba limodzi ndi makiyi ndi chenji cha basi.

Kapepala konyezimira kaja, kamene kanapulumutsa matochi a mudzi wonse, mu vape musakaike. Ndamvapo anthu akulangizana kuti pini ikamira ingoikani kafoyilo pamwamba pake kuti thanki ifikire. Foyilo ndi yofewa, mukamanga thanki imaphwatalala n'kufalikira m'mbali, n'kugunda mazinga. Mwalumikiza nokha njira ziwiri zimene kamphete kaja kanaikidwa kuti kazilekanitse. Vape zambiri zili ndi chip yoteteza imene imakana kuyaka ikaona shoti, n'chifukwa chake anthu ena amachita zimenezi n'kupulumuka, kenako n'kumaphunzitsa anzawo. Koma pali mtundu wina umene amati mechanical mod, chitoliro chachitsulo chopanda chip iliyonse, batire ndi batani basi. Mu 2018 ku St. Petersburg, m'chigawo cha Florida, bambo wina anamwalira m'nyumba mwake chipangizo cha mtundu umenewu chitamuphulikira, nyumba n'kugwiranso moto. Mnzanu akakupatsani chitoliro chotere kuti ndi champhamvu, chotulutsa utsi ngati sitima ya malasha, muthokozeni n'kumubwezera.

Inu a ku Joni ndi ku America, kumene zotaya zija zikupezekabe m'mashopu, ndikudziwa mavidiyo amene mumaona pa TikTok ndi YouTube: munthu akutsegula vape yotaya, kusenda chingwe cha chaja ya foni, n'kugunditsa mawaya pa batire kuti litchajike. Ndikumvetsa chifukwa chake. Madzi akadalimo, ndalama yavuta, ndipo ku South Africa chiyambire msonkho wa R2.90 pa mililita imodzi mu June 2023 zinthuzi zinakwera. Koma chaja ya foni imatulutsa mavoti 5, batire lija malire ake ndi 4.2, ndipo pakati pake palibe chouza magetsi kuti basi lakwana. Mukuthira madzi m'chibaluni mutatseka maso.

Ganiziraninso kumene timagona. Ambiri a ife tili m'nyumba zogawana, chipinda chimodzi munthu mmodzi kapena awiri, khomo lotulukira limodzi, kapeti pansi, masutikesi pamwamba pa wadiropu, pasipoti ndi mapepala onse m'diroo ya pafupi ndi bedi. Munthu wabwera ku shifiti ya maola 12, walumikiza vape pa chaja, waiponya pa duveti, wagona ngati wafa. Ozimitsa moto amachenjeza mobwerezabwereza kuti zinthu za lithium tisamazitchaje tili m'tulo kapena titachoka. Itchajeni patebulo louma, muli maso, ndi chingwe chake kapena china chabwino, ikadzaza n'kuzula. Moto wa m'nyumba yogawana suwotcha katundu wa mwini vape yekha. M'chipinda chinacho mwagona mtsikana wa ku Bulawayo amene sanasutepo chilichonse.

Ndiye malire ali pati? Kwa ine ali apa. Chilichonse chimene mungachione mutangochotsa thanki, pod kapena chitseko cha batire, n'chanu: tsukani, umitsani, dzutsani pini, sinthani koyilo. Chilichonse chofuna kuti mumasule tisikuluwu ta thupi lake, kuboola, kapena kuyatsa chowotcherera, si chanu. Ndipo pali zizindikiro zimene zikaoneka nkhani yokonza yatha: vape ikuyaka yokha musanadine kapena kukoka, ikutentha ili chikhalire patebulo, thupi lake latupa kapena latsekuka m'mbali, ikununkha fungo lachilendo ngati la mankhwala ochotsera polishi wa zikhadabo, inagwera m'sinki kapena m'chimbudzi, kapena ikulembabe kuti shoti mutatsuka ndi kuika koyilo yatsopano. Yoyaka yokha ija imachitika kwambiri pa zopanda batani, madzi akalowa m'kachipangizo kamene kamamva mpweya mukamakoka. Chotsani pod msanga, iikeni pa simenti kapena pa matailosi, kutali ndi makatani. Ikayamba kulira kapena kufuka, musaitole kuti muithamangitsire panja, tulukani ndinu, tsekani chitseko, imbani 999 ku Britain, 911 ku America, 112 pa foni ya m'manja ku South Africa.

Yakufayo musaiponye mu bini. Ikafinyidwa m'galimoto yotola zinyalala imayaka, ndipo amene amakhala kumbuyo kwa galimoto imeneyo kawirikawiri ndi anthu ngati ife tomwe. Bungwe la Material Focus linawerengera mu 2023 kuti ku Britain kokha anthu ankataya ma vape pafupifupi 5 miliyoni sabata iliyonse. Kuno mashopu ogulitsa vape amayenera kulandira zakale, ndipo masupamaketi ambiri ali ndi kabokosi ka mabatire pafupi ndi khomo. Matani tepi kunsonga zonse ziwiri za batire musanaliponyemo. Ndipo tsiku limene mwaitaya, gulani ina tsiku lomwelo, kapena khalani ndi kapod kotchipa kapadera m'loka ya ku ntchito, kuti filling station ija isakuitaneni.

Amene mukupita kumudzi pa Khirisimasi, vape ndi mabatire ake zimayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege, ndipo m'ndege simusuta kapena kutchaja. Chotsani pod kapena khuthulani thanki musanakwere, chifukwa mpweya ukasintha m'mwamba madzi amakankhidwira kunja, mukatsika pa Kamuzu kapena pa Chileka mupeza polumikizira pali dziwe. Mayiko ena amene ndege zimaima amaletsa vape, fufuzani musanagule tikiti. Tengani makoyilo okwanira masabata onse. Ikakavuta kumeneko, anyamata okonza mafoni pamsika ali ndi manja abwino kuposa anga, akatsuka pini ndi kabowo ka chaja bwinobwino. Koma mukaona wayatsa chowotcherera n'kuloza pa batire, nenani kuti "Aise, zikomo, ndibwezere", mumupatse yake ya Fanta. Ndipo pobwerera musamusiyire mng'ono wanu wa Fomu 2 vape yakale ija ngati mphatso, ngakhale akuchondereni bwanji pa depoti.